Ndinkaonda chakudya chili pamaso panga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene muwerenge kapena kumva mawu awa. Poyamba ndipemphe kuti mundikhululukire polimba mtima kulemba. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8 kumudzi kwathu konkuno ku Misuku, ndipo Chichewa ndinachiphunzirira m'kalasi, si chimene timayankhula pakhomo. Abusa atandiuza kuti ndiime kutsogolo ndifotokoze zimene Mulungu anandichitira, ndinawauza kuti sindingathe, ndiye anati ngati pakamwa pakulemera ndilembe papepala, wina adzandiwerengera. Pamene ndalakwitsa mukonze mumtima mwanu. Dzina langa ndine Lusekelo. Vuto limene ndikufuna kunena ndi lochititsa manyazi: ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, mwinanso kufa kumene, chifukwa cha kuonda, pamene chakudya chinkaphikidwa pamaso panga tsiku ndi tsiku.

Chaka chatha mu Febuluwale ndinalembedwa ntchito yocheka matabwa. Bwana wina wa ku Boma anatenga chilolezo chodula mitengo ya bulugamu m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, kuti matabwa ake apangire madesiki ndi madenga a sukulu. Iyeyo sitinkamuona kawirikawiri. Wotiyang'anira anali kapitawo wake, a Nyirenda, munthu wa ku Mzimba. Ntchito imeneyi kwathu tinailandira mogwada, chifukwa bambo anga anagwa pamtsetse m'munda wa khofi, mwendo n'kuthyoka, ndipo unapola mokhota moti khasu linawakanika. Ine ndine woyamba kubadwa, pambuyo panga pali ana anayi. Tsiku limene ndinanyamuka ndi mphasa ndi bulangete langa, amayi anandiperekeza mpaka pamtsinje, akuyimba chamumtima.

Kwa amene simunaonepo kachekedwe ka pamanja ndifotokoze pang'ono. Timakumba dzenje lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, n'kugoneka chipika pamwamba pake. Pachipikacho timalemba mizere ndi chingwe choviika m'makala osinja. Macheka ake ndi aatali, ogwira anthu awiri. Wina amaima pamwamba pa chipika, kukweza machekawo ndi kuwawongolera kuti atsate mzere. Wina amakhala m'dzenje, ndipo ndiye amakoka. Pokokera pansipo m'pamene mano amadya mtengo, choncho mphamvu zambiri zimachoka kwa wa m'dzenje, utuchi ukumugwera kumaso ndi m'khosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Matabwa akakwana timawasenza pamutu kukwera nawo chitunda mpaka kumsewu kumene lole imafika. Ine anandiika m'dzenje.

Pamwamba panga panali a Matewere, ochokera ku Mulanje, a msinkhu wa bambo anga. Onse ankawatchula kuti fundi, kutanthauza mmisiri, monga amanenera anzathu a kutsidya kwa malire. Anali aafupi, a mapewa otambalala, osayankhulayankhula, ndipo chala chawo chimodzi chinali choduka kunsonga. Anayamba kucheka ali mnyamata paphiri la kwawo. Macheka amene tinkagwiritsa ntchito anali awoawo, ndipo m'mawa uliwonse ankawanola ndi tupa, dzino limodzilimodzi, osalola wina aliyense kuwathandiza. Thabwa locheka iwo munkalizindikira ngakhale lili pamulu, chifukwa linali losalala ngati lapalidwa kale. Ine ndinkawaopa kwambiri. Mwezi woyamba wonse sindikukumbukira kuti anandiuza mawu ena kupatula akuti "koka" ndi "ima".

Tinalipo amuna asanu ndi atatu, ndipo wa kuno ndinali ine ndekha. Enawo anabwera ndi bwana kuchokera ku Mulanje, ku Dedza ndi ku Mzimba, onse akuluakulu a mabanja awo. Tinkagona m'misasa ya udzu pafupi ndi maenje. Ndikufuna zimveke bwino kuti phoso silinali lochepa ayi. Bwana ankatumiza ufa, nyemba, mchere, nthawi zina usipa wouma, ndipo zinali zokwanira. Vuto linali mwa ine.

M'nyumba ya bambo anga muli mwambo wakale umene mabanja ambiri anausiya, koma iwo anausunga. Mnyamata sapisa dzanja m'mbale imodzi ndi munthu wa msinkhu wa bambo ake, kufikira tsiku limene bambo akewo adzamuitane okha. Amawathirira madzi osamba m'manja, n'kukakhala poteropo, ndipo amadya akuluakulu akatha. Kunyumba zimenezi sizinkapweteka munthu, chifukwa amayi ankatisungira gawo lathu kukhitchini. Koma ku msasa kunalibe amayi. Anthu ankadya onse pamodzi m'mabeseni awiri aakulu, ndipo amuna amene akhala akucheka kuyambira m'mawa sasiya kanthu.

Tsiku loyamba ndinawathirira madzi onse, n'kukakhala pachitsa. Anandiitana kuti, "Iwe mphwanga, sendera kuno." Ndinayankha kuti ayambe, ndibwera. Atatha ndinatenga mabeseni kupita nawo kumtsinje, ndipo konko ndinakokota zimene zinamatirira m'mbali. Mawa lake chimodzimodzi. Poti ndinali wamng'ono pa onse, ntchito yopakula ndi kutsuka inakhala yanga, ndipo iwo anangoganiza kuti ndimadzipatulira mbale yanga kumoto monga amachitira ophika onse. Pakutha pa sabata analeka kundiitana. Koma ine kupatula chakudya akuluakulu asanadye ndinkakuona ngati kuba, ndiye sindinapatulepo ngakhale kamodzi. M'mawa ndinkangomwa madzi n'kutsikira m'dzenje. Chakudya chenicheni ndinkachiona Lamlungu lokha, ndikapita kwathu, ulendo wa maola atatu wapansi.

Masabata oyamba thupi linapirira, poti ndinali ndi mnofu wa kumudzi. Pofika mu Epulo lamba anayamba kukhwepa, ndipo ndinaboola chibowo china ndi msomali, kenaka chinanso. Kuzizira kwa kuphiri kunayamba kundilowa m'mafupa ngakhale masana. Kabala kakang'ono kamene thabwa linandicheka pamkono kanatha mwezi osapola. Ndikadzuka msanga, m'maso munkachita mdima. Amayi anandifunsa kangapo kuti chikundidya n'chiyani, ine n'kumangoti ndi ntchito, thupi lizolowera. Sindinafune kuti bambo amve ngati ndikudandaula, iwo ali ndi mwendo wawo. Ndiponso, abale, ndikunena zoona, ine mwini sindinadziwe kuti ndi njala. Njala ija yoluma m'mimba inali itasiya kumveka. Ndinkangomva kutopa, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti ndili ndi nthenda.

Tsiku lina mu Meyi ndinagwa ndi thabwa pachitunda. Sindinapunthwe pa kanthu, miyendo inangopindika yokha. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunong'ona za chifuwa chachikulu, ndipo awiri amene ndinkagona nawo msasa umodzi anasamutsa mphasa zawo. Sindikuwaimba mlandu, anali ndi ana kwawo. A Nyirenda anandilembera kalata yopita nayo kuchipatala chaching'ono cha kuno. Adokotala ake, bambo wofatsa wa kuchigawo chapakati, anandimvetsera pachifuwa ndi kumsana, natumiza makhololo anga ku Boma kuti akapimidwe. Zotsatira zinabwera zoti mulibe kanthu. Ndiye anandiyang'ana nthawi yaitali nandifunsa ngati ndikudya mokwanira. Ndinayankha kuti eya, bwana. Ndinanama. Ndinaopa kuti ndikanena zina zimveka ngati ndikuneneza olemba ntchito, ndipo inu mukudziwa kuti mawu akuti njala munthu sawatchula chisawawa pamaso pa wogwira ntchito ya boma. Iwo anachita mbali yawo, anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi mapiritsi owonjezera magazi. Koma mapiritsi salowa m'malo mwa chakudya.

Dzenje lathu linatsalira m'mbuyo. Mulu wa matabwa athu unali waufupi poyerekeza ndi wa anzathu, chinthu chimene sichinachitikepo kwa a Matewere. Kumapeto kwa Meyi, Lolemba m'mawa, a Nyirenda anandiitanira pambali. Sanakalipe. Anati akundimvera chisoni, koma ntchito iyi si ya munthu wodwala, ndipo Loweruka likafika ndinyamule mphasa yanga, iwo apeza mnyamata wina. Ndinawathokoza, monga ndinaphunzitsidwira, n'kubwerera m'dzenje.

Masana a tsiku limenelo nditapakula chakudya ndi kuthirira anthu madzi, sindinakhale pachitsa changa chija. Ndinabwerera kudzenje n'kukhala pansi pa utuchi. Ndinkaganiza za njira yopita kwathu, mmene ndikalowere pakhomo ndi mphasa pamutu, bambo ali pampando wawo, ana akundiyang'ana. Ndinkaganizanso kuti mwina Khirisimasi sindidzaiona. Ndinagwada pautuchipo n'kupemphera mokweza m'chinenero cha kwathu. Sindinapemphe chakudya, poti sindinkadziwa kuti ndicho ndikusowa. Ndinangoti, Atate, adokotala sanaipeze nthenda yanga, Inu ndinu mukuidziwa, tumizani munthu woti aione ndisanachotsedwe.

Nditatsegula maso ndinaona mapazi pachipika pamwamba panga. Anali a Matewere. Pemphero langa sanalimve tanthauzo lake, ndipo sanandifunse. Anakhala pansi pachipikapo, miyendo ili lendee m'dzenje, nati:

"Mphwanga, mbale yako ili kuti?"

Ndinati ndadya kale, bambo.

"Ndachokera kumoto. Ndavundukula mapoto onse. Mbale yako ili kuti?"

Ndiye anayankhula mawu ambiri kuposa onse amene anandiyankhulapo m'miyezi itatu. Anati iwo amamumva munthu wa m'dzenje kudzera m'macheka. Anachekapo ndi odwala chifuwa, ndipo amenewo amapuma mobanika ndi kutsokomola utuchi ukawalowa. Anachekaponso ndi aulesi, ndipo amenewo amakoka mofooka kapitawo akachoka, akabwera n'kulimbikira. Koma ine ndinkayamba bwino m'mawa, pakangotha ola limodzi macheka n'kupepuka ngati kwagwira mwana, ndipo Lolemba ndinkakoka bwino kuposa Lachisanu. Anati akhala akuzisinkhasinkha zimenezi masiku ambiri, ndipo lero atamva zimene a Nyirenda anandiuza, anaganiza zosiya kuyang'ana macheka, ayang'ane pakamwa panga.

Ndinawauza zonse, nditazolika, misozi ikugwera pautuchi. Iwo anasisita chala chawo chodukacho. Kenaka anati, "Miyezi itatu. Ine pamwamba pako, osaona." Anandigwira dzanja n'kunditulutsa m'dzenje, kupita nane pamene anthu ankadyera, nandikhazika pakati pawo. Anawafotokozera mwachidule. Bambo wina wa ku Dedza, wokonda nthabwala, anati, "Ndiye mwana uyu watipirira bwanji! Ife kumeza, iye kuwerenga mbamu zathu?" Anthu anaseka, ena anagwira pakamwa, ndipo onse anandiuza kuti ndidye. Ndinasamba m'manja. Koma abale, dzanja linakana. Ndinaliyang'ana beseni, ndinayang'ana imvi za anthu amene ndakhala nawo, ndipo dzanja langa linangouma pabondo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za maleredwe sizichoka chifukwa choti munthu wakuuza kuti idya.

A Matewere sanandikakamize. Anatenga mbale yachitsulo, napatula gawo lawo, nadya theka lokha. Kenaka anaimirira, nandipatsa mbaleyo, nati zotsala izi ukatsuke nazo. Ndinamva chimene ankatanthauza. Zotsala za mkulu ndinali wololedwa kudya. Anachita zimenezi masana ndi madzulo sabata yonseyo, ndipo ine ndinkaona kuti munthu wamkulu akucheka tsiku lonse ndi theka la chakudya chifukwa cha ine. Lachitatu ndinawapempha kuti asiye. Anandiyankha kuti asiya Loweruka, chifukwa zotsala za munthu mmodzi sizingakoke macheka, ndipo nkhaniyi ikufunika mwini wake.

Sabata yomweyo anakaonana ndi a Nyirenda. Ine kunalibe, koma anzathu anandiuza mmene zinayendera. Anapempha kuti andisiye mpaka chikondwerero cha ufulu chitadutsa, pamene bwana adzabwere kudzatenga matabwa, ndipo tsiku limenelo a Nyirenda adzaime okha pakamwa pa dzenje n'kuweruza. A Nyirenda anakayika, poti ntchito inali itachedwa kale. Ndiye a Matewere anati munthu wa pansi pa macheka awo amasankha okha, ndipo mnyamatayu akapita Loweruka, macheka nawo akulungidwa m'chiguduli. A Nyirenda anavomera masabata asanu.

Loweruka masana a Matewere anavala malaya awo a kutchalitchi nati akundiperekeza kwathu. Mapiri a kuno si a munthu wa bondo lodwala, ndipo bondo lawo lamanzere linkawavuta, koma anakwera ndi kutsika maola atatu osadandaula. Panjira anangoyamikira nthochi ndi khofi wa m'minda ya anthu. Titafika anagwada pakhomo n'kuodira m'Chitumbuka chawo chothyokathyoka chimene anatola kuno, ndipo bambo anawalandira pansi pa nthochi pamene amakonda kukhala. Chichewa cha bambo n'chochepa, choncho womasulira ndinali ine. Sindinagwirepo ntchito yolemera ngati imeneyo, kumasulira nkhani ya manyazi anga omwe kuchoka pakamwa pa mkulu wina kupita m'khutu la mkulu wina.

A Matewere anayamba ndi kundiuza kuti ndivule malaya. Ndinavula. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, ndipo ataona nthiti zanga anabisa nkhope m'chitenje. Bambo anafunsa kuti ndi nthenda yanji. A Matewere anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa madzi osamba m'manja mpaka pa mabeseni a kumtsinje. Ine ndinkayembekeza kuti anyoza mwambo wa kwathu, koma sanatero ngakhale pang'ono. Mawu awo omaliza ndikuwakumbukira bwino chifukwa ndinawamasulira ndine:

"Bambo, mwalera mwana waulemu, wotere ine sindinamuonepo. Koma ulemu wakewo ukumupha. Ine ndamuitana, wandikana. Akudikira inu."

Bambo anayang'ana ndodo yawo. Kenaka anayamba kuyankhula motsitsa, osati kwa mlendo koma kwa ine. Anati iwo anaitanidwa ndi agogo tsiku limene anabwera kuchokera ku ntchito yawo yoyamba, ndipo mwambo wake ndi womwewo, kuti mwana akayamba kudyetsa mudzi ndi thukuta lake, bambo ake amamuitana. Anati chiwagwereni m'munda muja maganizo awo akhala pamwendo, ndipo sanaone kuti mwana wakula. "Ndinakutumiza kwa amuna, koma ndinaiwala kukuitana," anatero. Aka kanali koyamba kuwamva bambo anga akuvomera cholakwa pamaso pa mwana.

Amayi anapha nkhuku, naphika ndi nthochi zaziwisi monga timachitira kukabwera mlendo wolemekezeka. Chakudya chitabwera ndinanyamuka kuti ndikatenge madzi, koma bambo anandigwira mwendo nati ndikhale. Anaitana mlongo wanga kuti athire madzi, ndipo anathirira a Matewere, bambo, kenaka ine. Bambo anapemphera. Atati ameni anandigwira pamkono n'kulowetsa dzanja langa m'mbale, nati m'chinenero chathu, "Kuyambira lero udya ndi amuna, kuno ndi kulikonse." A Matewere anali kuyang'ana kumbali ngati akuwerenga mitengo ya khofi, kwinaku akukankhira ntchafu ya nkhuku kumbali yanga ndi chala.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Lolemba ku msasa anzanga anandilandira ndi chimwemwe, aliyense akundiunjikira chakudya, ndipo ine pofuna kuwasangalatsa ndinadya mopitirira, n'kusanza zonse kuseri kwa msasa. A Matewere anawaletsa. Anati mimba imene yakhala yopanda kanthu imachepa, ndipo imafuna pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiphunzitsa kudya monga mmene munthu amaphunzitsira ntchito.

Anandiletsa kutsikira m'dzenje m'mimba muli zii. M'mawa iwo akunola macheka, ine ndinkayenera kudya mbatata yootcha kapena mkute, ndipo ankayang'ana mpaka nditamaliza. M'thumba la kabudula ndinkasunga mtedza wokazinga umene amayi ankandipatsira, ndipo nthawi iliyonse tikaima kuti tisunthe chipika, ankagogoda chipikacho ndi chidendene, kutanthauza kuti ndibwire dzanja limodzi. Chigubu cha chindongwa, thobwa la mawere lija, chinkakhala m'ngodya ya dzenje chovundikira ndi masamba. M'nyemba anandiuza kuti ndizithira nsinjiro, ndipo mapeyala amene kuno timangowaponda m'njira iwo ankandituma kukatola kuti ndizidya limodzi tsiku lililonse. Anati munthu wocheka amatha chakudya cha anthu awiri, ndipo zimenezo si dyera, ndi mmene ntchitoyo ilili. Anati iwo anaonapo amuna amphamvu akuguga m'chaka chimodzi chifukwa chodikira kuti njala iwawawe kaye, pamene wogwira ntchito yolemera ayenera kudya nthawi ikakwana, kaya akumva njala kaya ayi.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Masabata awiri oyamba anandikweza pamwamba pa chipika, iwo n'kutsikira m'dzenje. Pantchito yathu fundi satsikira m'dzenje, ndi malo a ophunzira. Anzawo anawaseka, ndipo bambo wa ku Dedza uja ankabwera dala kudzasuzumira, n'kumati fundi wathu wabwerera Sitandade 1. Iwo ankangoti, "Choka, ukutchinga kuwala." Ndinkawaona pansipo, imvi zawo zitadzaza utuchi, akukoka macheka ndi bondo lawo lodwala, kwinaku akundiuza kuti ndisayang'ane iwo, ndiyang'ane mzere. Matabwa anga oyamba anakhota, ndipo iwo anawawongola okha ndi sompho nthawi yopuma. Zosenza matabwa anzathu anagawana gawo langa popanda wowauza.

Loweruka lililonse ankapita nane pamalo pamene alimi amaperekera khofi, pamene pali sikelo yolendewera pamtanda. Anagwirizana ndi kalaliki wa pamenepo kuti azindiyeza. Ndinkakhala m'chiguduli, n'kundikoleka ngati thumba la khofi, amayi obweretsa khofi akuseka mpaka kugwira m'nthiti. Ine manyazi ankandigwira, koma a Matewere nkhope yawo sinkasintha. Ankayang'anitsitsa muvi wa sikeloyo, n'kukalemba ndi khala pamtengo wa msasa wathu. Loweruka loyamba muvi sunasunthe, ndipo ndinataya mtima. Iwo anati thupi likukonza kaye za m'kati. Lachiwiri lake unasuntha pang'ono, lachitatu unasuntha zooneka. Kabala ka pamkono kaja kanauma. Anzanga awiri aja anabweza mphasa zawo mumsasa, mmodzi n'kundipepesa. Sabata yachitatu ndinabwerera m'dzenje, poyamba mpaka masana okha, kenaka tsiku lonse.

Tsiku la chikondwerero tonse tinapita kubwalo la sukulu, makadi athu a chipani m'matumba, kukaonera magule. Ine maso anali pa magule koma mtima unali kudzenje. M'mawa mwake lole ya bwana inafika kumsewu, ndipo a Nyirenda anabwera pa dzenje lathu monga anapanganirana. Anasankha okha chipika chachikulu cha bulugamu wofiira, amene amalimba ngati mwala, nati tichicheke chonse, ine ndili pansi. Ndinali nditadya mbatata ziwiri ndi peyala. Ndinapemphera mwachidule n'kutsika.

Tinayamba dzuwa litangotuluka paphiri. Thabwa loyamba linatuluka, lachiwiri, lachitatu. Ola lija limene manja ankandithera linafika n'kudutsa, ine ndikukokabe. A Matewere akagogoda ndi chidendene ndinkabwira mtedza, a Nyirenda ali pomwepo, ndipo sindinachite manyazi. Chapakati pa chipika tinakumana ndi mfundo yolimba, macheka n'kuyamba kulira. Ndinamva a Matewere akunena chapansipansi kuti, "Tiye, mphwanga," ndipo ndinakoka ndi msana wonse mpaka tinaidutsa. Dzuwa lisanafike pamutu chipika chinatha. Ndinatuluka m'dzenje miyendo ili njenjenje, koma m'maso munali mowala bwino.

A Nyirenda ananyamula thabwa limodzi, natsinzina diso limodzi kuliyang'ana m'litali mwake. Anatenga lina, nachita chimodzimodzi. Kenaka anandigwira pamkono, nafinya mnofu wake ngati munthu wogula mbuzi, natembenukira kwa a Matewere.

"Fundi, munthu wanuyu musungeni," anatero.

A Matewere anangogwedeza mutu, natenga tupa yawo. Kwa ine anati ndipite ndikasambe, chakudya chapsa, ndipo ndisachedwe chifukwa anthu aja sadikira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'dzenje, ndipo yankho lake linali litaima kale pamwamba panga ndisananene ameni. Ndinapempha kuti atumize munthu woona nthenda yanga, ndipo sanatumize wochokera kutali, anatsegula maso a munthu amene ndinkamuopa. Ndikuthokoza a Matewere, amene mpingo wawo si wathu uno ndipo mwina mawu awa sadzawamva. Anadya theka chifukwa cha ine, anatsikira m'dzenje chifukwa cha ine, ndipo anakwera mapiri kukalemekeza bambo anga pamene akanatha kungowanyoza. Ndikadzakhala munthu wamkulu ndikufuna kudzakhala ngati iwo. Ndikuthokozanso bambo ndi amayi, ndi a Nyirenda amene anadikira.

Kwa anzanga achinyamata amene mukupita kukagwira ntchito zolemera, kumisewu, kunjerwa kapena kumatabwa, ndikupempheni modzichepetsa kuti muzidya, ndipo thupi likayamba kutha musabise monga ndinachitira ine. Wina akakufunsani mwachikondi, muuzeni zoona. Kwa makolo, pepani kuti mwana akuyankhula, koma yang'anani ngati pali mwana amene akudikirabe kuti mumuitane. Ndipo inu amene muli m'vuto limene dzina lake simukulidziwa, musaleke kupemphera. Mulungu amalidziwa.

Ine ndikugwirabe ntchito pansi pa macheka a a Matewere mpaka lero, ndipo masiku ena amandikweza pamwamba kuti ndiphunzire mzere. Nkhani yoti ndichotsedwe sinatchulidwenso. Inathera pakamwa pa dzenje lija, Loweruka, pa 7 Julayi chaka chatha.